Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko: Mbiri ya Mankhwala a M'mimba M'minda ya Tiyi ku Thyolo

Akuluakulu adati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Mwambiwu udabadwira m'nyumba zakale za chitseko cha bango chotsekera ndi mpiringidzo. Kunja kukakhala mdima wa ndiweyani, fisi akulira kuseri kwa khola, palibe amene amafuna kudzuka pamphasa. Koma amene m'mimba mwamupotokola sadikira kuti mnzake amuchotsere mpiringidzo. Phunziro lake n'lakuti mwini vuto ndiye ayenera kuyamba kufunafuna thandizo. Chimene mwambiwu sunena ndi kumene munthuyo amalowera akatsekula chitsekocho. Kwa anthu amene akhala akuthyola tiyi m'boma la Thyolo kwa zaka zoposa 100, njira zidali ziwiri, ya kuthengo ndi ya kuchipatala, ndipo ambiri adaponda zonse ziwiri.

Tiyi adafika m'dziko muno kudzera ku mishoni ya Blantyre. Henry Brown adadzala mbewuyi ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo ku Thyolo, komwe Azungu ankalemba kuti Cholo, idayamba kulimidwa cha m'ma 1908. Maclean Kay adatsegula esiteti ya Satemwa mu 1923. M'zaka za m'ma 1930 mayiko olima tiyi adagwirizana zochepetsa tiyi wopita pamsika, mtengo wake udakwera, ndipo eni minda ambiri ku Thyolo adasiya fodya n'kutembenukira ku tiyi. Mitengo yachilengedwe idagwetsedwa m'zitunda zambiri kuti papezeke malo a tiyi ndi a bulugama wosonkhezera moto m'mafakitale.

Ntchito yonseyo idafuna manja ambiri. Eni dera, Amang'anja, sadali okwanira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 Alomwe ambirimbiri adawoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika adapeza kuti nthaka yabwino ili m'manja mwa makampani, monga British Central Africa Company. Kuti banja lipatsidwe pomanga nyumba ndi polima, bambo ankayenera kugwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, yomwe idatha mwalamulo mu 1962. Wantchito ankalawirira kumunda mame asanakamuke, kawirikawiri kumimba kuli pululu, n'kuweruka pokhapokha kapitawo akalemba tikiti. Obwera opanda mabanja ankadalira phoso la ufa, nyemba ndi mchere. Madzulo ena ankazimitsa kutopa ndi fodya ndi kachasu. M'makomboni anthu ankakhala mothithikana, akumwa madzi a pamtsinje umodzi. M'moyo wotere kudandaula za m'mimba kudali kwa tsiku ndi tsiku.

Makolo ankasiyanitsa bwino matenda a m'mimba. Padali chilungulira, moto umene umakwera kuchokera pachifu kufika kukhosi. Padali kudzimbidwa, kutsekula, kamwazi ndi njoka za m'mimba. Padalinso ululu wina wotentha pansi pa chifuwa, umene kwa ena umadza usiku kapena njala ikawawa n'kuleza munthu akadya. Ululu umenewu ndi umene lero ambiri amautchula kuti zilonda za m'mimba. Wodwala ankayamba ndi mankhwala odziwika kwa agogo a pakhomo. Zikakanika ankapita kwa sing'anga wa zitsamba. Matenda akapitirira miyezi, achibale ankayamba kufunsa ngati panalibe dzanja la munthu kapena mwambo wolakwiridwa, ndipo apo m'pamene ankakaombeza ula.

Pakati pa mitengo ya m'mimba, muwawani ndiwo udali patsogolo. Dzina lake lomwe likuchitira umboni kuwawa kwake. Mtengowu, umene akatswiri amautcha Cassia abbreviata, umadziwika ndi nyemba zake zazitali zolendewera, ndipo umakonda malo otentherapo ndi pazulu. N'chifukwa chake khungwa ndi mizu yake zinkachokera kwambiri kumatsitso olowera ku chigwa cha Shire. Sing'anga ankaviika khungwalo m'madzi kapena kuliwiritsa, wodwala n'kumamwa pang'onopang'ono, pakuti likachuluka limatsekula m'mimba. Padalinso kachitsamba kakang'ono ka muzu wowawa kotchedwa palibekanthu. Mizu ya mpoza inkagwiranso ntchito, ndipo gwafa atafala m'midzi masamba ake anthete adasanduka mankhwala a pakhomo oletsa kutsekula m'mimba.

Mankhwala ena ankachokera kukhitchini. Therere loterera, lophikidwa ndi chidulo, linkapatsidwa kwa munthu amene zakudya zina zikumukana. Chidulo ndi madzi odontha kuchokera m'phulusa, ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndi ya soda, imene imazimitsa asidi wa m'chifu kwa kanthawi. Amayi sankadziwa mawu akuti asidi, koma ankaona kuti wodwala wapezako mpumulo. Phala la ufa woyera ndi nthochi zophika, zimene Thyolo adatchuka nazo matenda a chisaka asanaononge minda yake, zinkamaliza chakudya cha wodwala m'mimba.

Kutupa ndi kuphwanya kwa thupi kudali ndi mitengo yakeyake. Munthu amene wawerama tsiku lonse ndi dengu kumsana amadziwa ululu wa m'chiuno ndi m'mawondo. Pa ululu wotere asing'anga ankakumba bwazi, mtengo wa maluwa ofiirira umene luzi lake ankalukira maukonde. Muzu wa bwazi ukangokumbidwa umatulutsa fungo lamphamvu lofanana ndi la mankhwala opaka a m'sitolo. Ankausinja n'kupaka pamalo owawa, kapena kuthira ufa wake m'mphini zotemedwa pakhungu. Chipatso cha mvunguti chinkathandiza pa zilonda za pakhungu. Kuthowa ndi masamba ofunditsidwa m'madzi otentha kudali chithandizo choyamba cha mwendo wobinya. Asing'anga odziwa ntchito ankachenjeza kuti bwazi si womwera chisawawa, chifukwa muzu wake ukachuluka m'thupi umapha.

Ntchito yokatenga mankhwala idali ndi miyambo yake. Wodwala ankapereka chipondamthengo, kamphatso koyamba kothokoza sing'anga poponda minga ndi mame, ndipo malipiro enieni ankadza munthu akachira. Ambiri ankasenda khungwa mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo kokha, osazunguliza tsinde lonse. Pokumba ankadula mizu yowerengeka n'kukwirira dzenje. Zifukwa zimene zinkaperekedwa zidali za mizimu ndi mphamvu ya mankhwala, koma phindu lake lidali loonekeratu: mtengo wosendedwa mbali ziwiri umapola, pamene wosendedwa mozungulira umauma. Mwambo udasunga mtengo kuti mdzukulu adzaupeze.

Boma la atsamunda lidayang'ana nzeru zimenezi ndi diso lokayika. Lamulo la ufiti la 1911 lidaletsa kumwetsa mwavi ndi kuloza munthu kuti ndi mfiti. Lamuloli silidaletse zitsamba, komabe kwa akuluakulu a boma ndi amishoni ambiri sing'anga wa mizu ndi wa ula adali munthu mmodzi, kotero ntchito yonse idalowa m'chibisibisi. Chipatala cha Chizungu nacho chidali kukula. Mpingo wa Seventh-day Adventist udakhazikika ku Malamulo, pafupi ndi Makwasa, mu 1902, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1920 malowa adatchuka posamalira odwala khate. Maesiteti akuluakulu adatsegula tizipatala tawo. Wodandaula za m'mimba ankalandira mankhwala amadzi oyera ngati mkaka ozimitsa chilungulira, ndipo wodandaula msana ankalandira asipirini. Anthu sadaone chifukwa chosankhira mbali imodzi. Mmawa ankamwa za m'botolo, madzulo za mumphika, potsata mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga.

Chodabwitsa n'chakuti Azungu omwewo adali atatola kale chuma m'thengo la dera lino. Paulendo wa David Livingstone wa zaka za 1858 mpaka 1864, dokotala John Kirk adaona alenje a m'chigwa cha Shire akupaka ululu wa kombe kumivi yawo. Tsiku lina adatsuka mano ndi mswachi umene udakhudzana ndi njere za kombe m'thumba, ndipo adazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Njerezo zidafika ku Edinburgh, kumene Thomas Fraser adazifufuza kwa zaka zambiri, n'kulengeza mu 1885 kuti zingathe kuthandiza odwala mtima. Kampani ya Burroughs Wellcome idayamba kugulitsa mankhwalawo, ndipo njere za kombe zidasanduka katundu wotumizidwa kunja kuchokera ku Nyasaland. Mayina a Kirk ndi Fraser adalembedwa m'mabuku. Mayina a alenje amene adadziwa mphamvu ya kombe mibadwo yambiri m'mbuyomo sadalembedwe paliponse.

Patapita nthawi padapezeka anthu amene adakhala pansi n'kumvetsera. Jessie Williamson, yemwe adagwira nawo ntchito yofufuza za kadyedwe m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, adatulutsa buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, momwe adalemba mayina a zomera m'zilankhulo za kuno ndi ntchito zake. Brian Morris adafika mu 1958 ali mnyamata kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, ku Zoa m'boma la Thyolo ndi ku Limbuli m'boma la Mulanje. Chidwi chake pa zachilengedwe chidakulira kumeneko, ndipo atabwereranso kudzacheza ndi asing'anga adalemba buku la Chewa Medical Botany la 1996, lofotokoza zomera mazanamazana. Ku Chancellor College, Pulofesa Jerome Msonthi adayeza mitengo ya mankhwala m'chipinda chofufuzira, ndipo mu 1987 boma lidakhazikitsa National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba kuti zomera za dziko lino zisungidwe ndi kudziwika bwino.

Kuti munthu amvetse chimene zitsamba zingathe ndi chimene sizingathe, ayenera kumva mbiri ya asipirini. Mu 1763 m'busa wina wa ku England, Edward Stone, adalemba kuti khungwa la mtengo wa willow limatsitsa kutentha kwa thupi. Akatswiri adapatula mphamvu ya m'khungwalo, ndipo mu 1897 kampani ya Bayer ya ku Germany idapanga asipirini, n'kuyamba kumugulitsa mu 1899. Fungo lija la muzu wa bwazi limachokera ku mankhwala a banja limodzi ndi asipirini, kotero sing'anga wa ku Thyolo ndi katswiri wa ku Germany adagwira nthambi za mtengo umodzi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1938 madokotala a ku London adasuzumira m'chifu ndi chida chounikira n'kuona kuti asipirini amakanda khoma lake. Mu 1971 John Vane adafotokoza chifukwa chake: asipirini amaletsa thupi kupanga timadzi tina timene timadzetsa kutupa ndi ululu, koma timadzi tomweto ndi timene timathandiza chifu kudziphimba ndi mamina ochiteteza ku asidi. Motero mankhwala ochiza bondo amatha kuboola chifu. Brufen, Indocid ndi diclofenac ali m'gulu lomweli, ndipo ndi oopsa kwambiri kwa womwa tsiku ndi tsiku, makamaka wachikulire kapena womwa mowa.

Azungu nawonso adafunafuna mankhwala a zilonda za m'mimba m'mizu. Mu 1946 dokotala wina wa ku Netherlands, dzina lake Revers, adaona kuti odwala amene ankamwa mankhwala a muzu wotsekemera wa liquorice ankapeza bwino. Kuchokera m'muzuwo mudapangidwa mankhwala otchedwa carbenoxolone, amene Richard Doll ndi anzake adawayesa ku London mu 1962 n'kupeza kuti amafulumizitsa kupola kwa zilonda. Koma odwala ena adayamba kutupa miyendo ndi kuthamanga magazi. Phunziro lake lidali lomwe asing'anga a bwazi ankalidziwa kale, lakuti mtengo umene uli ndi mphamvu yochiza uli ndi mphamvu yovulaza, ndipo chosiyanitsa ndi muyezo. Mu 1976 kudabwera cimetidine, wochepetsa asidi m'chifu, kenaka omeprazole kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Zilonda zinkapola, koma munthu akasiya kumwa zinkabwerera.

Chinsinsi chidaululika ku Perth m'dziko la Australia. Mu 1982 Robin Warren ndi Barry Marshall adakwanitsa kumeretsa kachilombo ka bakiteriya kamene adakapeza m'zifu za odwala, komwe lero kamatchedwa Helicobacter pylori. Madokotala anzawo adakana kukhulupirira, poganiza kuti palibe chamoyo chingakhale mu asidi. Mu 1984 Marshall adamwa dala madzi okhala ndi kachilomboka, nadwala, ndipo atamuunika adapeza chifu chake chitatupa. Awiriwa adalandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka kamadziteteza potulutsa mankhwala ozimitsa asidi pamalo pamene kakhala, n'kubisala m'mamina a chifu kwa zaka makumimakumi. Kawirikawiri kamalowa munthu ali mwana, ndipo kamafala kwambiri kumene anthu akhala mothithikana ndi kumene madzi ndi ukhondo zili zoperewera. Pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi ali nako, ngakhale ambiri sadwala. Njala, fodya ndi kachasu za m'makomboni zinkakolezera moto, koma nkhuni zake zidali kachilomboka ndi mankhwala opha ululu.

Nanga zitsamba za makolo zili pati m'nkhani imeneyi? Zina mwa izo zayesedwa. Mu 1984 akatswiri ku Britain adapeza kuti ufa wa nthochi zosapsa udateteza zifu za makoswe amene adapatsidwa asipirini. Mu 2004 ofufuza a ku Germany adaonetsa kuti madzi oterera a therere lobala amalepheretsa kachilombo kaja kumamatira ku khoma la chifu m'mbale zoyesera. Masamba a gwafa ali ndi mankhwala akhambi ofanana ndi amene amachititsa tiyi wowirira kumanga lilime. Zonsezi zikusonyeza kuti agogo sadali kulota. Komabe khoswe si munthu, ndipo mbale yoyesera si mimba. Njira yotsimikizika yothetsera kachilomboka ndi kumwa mitundu iwiri kapena kuposerapo ya mankhwala opha mabakiteriya pamodzi ndi ochepetsa asidi, kwa masiku 10 mpaka 14, motsogozedwa ndi achipatala. Chitsamba chingathe kuziziritsa ululu pamene chilonda chikunka chikuya, ndipo kachilombo komweka kakakhalitsa kamatha kudzetsa khansa ya m'chifu.

Pamene sayansi inkayamba kulemekeza thengo, thengolo lidali kutha. Phiri la Thyolo, lomwe lidapereka dzina lake kwa kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe, lidali ndi nkhalango yowirira yobiriwira chaka chonse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, gawo lalikulu la nkhalangoyo lidagwetsedwa n'kusanduka minda. Si bwino kuloza chala olimawo osakumbukira kuti boma la Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri, ndipo nthaka yaikulu idatengedwa kalekale makolo awo akugwira thangata. Zidutswa za nkhalango zimene zidapulumuka zili kwambiri m'mphepete mwa mitsinje ya m'maesiteti ndi kumanda. Mankhwala atasanduka malonda, wosenda khungwa amene akuthamangira msika wa Bvumbwe, Luchenza kapena Limbe sasamalanso za kum'mawa ndi kumadzulo. Amasenda mtengo wonse mpaka kuusiya woyera.

Malonda adabweretsanso vuto lina. Mu 1995 anthu miyandamiyanda adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati amachiza Edzi, ndipo matendawo sadathe. Masiku ano mabotolo olembedwa kuti amachiza zilonda za m'mimba, shuga ndi kuthamanga kwa magazi nthawi imodzi amapezeka m'misika ndi m'madepoti a basi. Sing'anga wakale ankadziwika ndi mudzi wonse, ndipo akalakwitsa ankayankha pabwalo la mfumu. Wogulitsa botolo lero ali pano, mawa ali kwina. Lamulo la 2019 lomwe lidakhazikitsa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lidapatsa bungweli udindo woyang'aniranso mankhwala azitsamba ndi kutsatsa kwake, koma mlonda woyamba ndi wogula mwini. Safunsa adadya phula.

Adzukulu a anthu amene adathyola tiyi ku Thyolo ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kukhala pansi ndi agogo amene akali moyo, kulemba mayina a mitengo m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chiyao, mbali imene inkatengedwa, kakonzedwe kake ndi machenjezo ake, kenaka kudzala muwawani kapena mpoza kumalire a munda. Mayina a alenje a kombe adatayika chifukwa padalibe wa kwawo wowalemba. Yachiwiri ndi kudziwa zizindikiro zimene sizidikira mphika kuwira: kusanza magazi kapena zakuda ngati khofi, chimbudzi chakuda ngati phula la pamsewu, kuwonda kosadziwika chifukwa, kuvutika kumeza, ndi ululu wadzidzidzi umene umaumitsa mimba ngati thabwa. Woona zimenezi athamangire ku chipatala cha boma ku Thyolo, ku Malamulo kapena ku chipatala chilichonse chapafupi, ndipo akafika auze adokotala mosabisa zitsamba ndi mapiritsi onse amene wakhala akumwa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Wamva m'mimba atsekule chitseko usiku womwewo, asadikire tambala.